Phunziro la Kuwerenga: Arthur Wharton, Wantchito wa Mpira

Tonsefe mpira timaudziwa. Ana athu amamanga mpira wa nsanza ndi mapepala, namauthamangitsa pabwalo mpaka mdima. Lamlungu masana anyamata a mudzi uno amapita kukakumana ndi a mudzi winawo. Golo ndi mitengo itatu yodula kuthengo. Amayi amaimba m'mbali mwa bwalo. Ngakhale agogo amene amati mpira ndi zachibwana amafunsa madzulo kuti wapambana ndani. Ndi mmene zilili ku Fingoè, ku Chiputo, ku Malowera ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Cahora Bassa.

Koma m'nyumba zambiri muli mkangano. Mnyamata akuti, "Ine ndidzadya za mpira." Bambo ake akuti, "Mpira si khasu. Tenga khasu, tiye kumunda." Kodi wolondola ndani? Kodi mpira ndi masewera, kapena ndi ntchito?

Tisafulumire kuyankha. Tiyambe tawerenga mbiri ya munthu mmodzi, mwana wa Afirika, amene anadya za mpira kalekale ku Mangalande, mpira wa malipiro utangoyamba kumene. Dzina lake ndi Arthur Wharton. Anthu ambiri amamuwerengera kuti ndiye munthu wakuda woyamba kulembedwa ntchito ya mpira wa miyendo.

Kumene mpira wa malipiro unayambira

Malamulo a mpira amene timatsata lero anayamba kulembedwa mu mzinda wa London m'chaka cha 1863. Amene anawalemba anali anthu opeza bwino, ophunzira m'masukulu a ana a anthu olemera. Kwa iwo mpira unali wongolimbitsa thupi ndi kusangalatsa mtima. Malipiro sankawafuna, chifukwa ndalama anali nazo kale. Ankanena kuti munthu wolandira ndalama chifukwa cha mpira akuipitsa masewera.

Kumpoto kwa dziko lomwelo moyo unali wina. Kumeneko kunali mafakitale a nsalu, mafakitale a zitsulo ndi migodi ya malasha. Thonje linkabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku America, ku India ndi ku Egypt. Amuna, akazi ndi ana omwe ankaligwirira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Ife a ku Mozambique thonje timalidziwa. Makolo ambiri m'dziko muno analilima mokakamizidwa m'nthawi ya Apwitikizi, kuti likadyetse mafakitale a ku Portugal. Tsono tidziwe kuti kumene thonje linkapita nakonso kunali anthu osauka, otuluka thukuta kuti ena alemere.

Antchito a ku Mangalande analimbana zaka zambiri kuti maola a ntchito achepe. M'chaka cha 1850 lamulo linanena kuti m'mafakitale a nsalu ntchito izitha 2 koloko masana tsiku Loweruka. Theka la tsikulo linakhala lao. Ena anapita kumowa. Ambiri anapita kumpira. Anapanga matimu a pa tchalitchi, a pa fakitale ndi a m'makwalala mwao. Anthu oonerera anachuluka, ndipo eni mabwalo anamanga mipanda nayamba kulipiritsa pakhomo.

Apa ndi pamene funso linabuka. Ndalama za pakhomo zikupita kwa yani? Wothamanga m'bwalo ndi wantchito. Akapita kukasewera kutali, malipiro a tsikulo ku fakitale amudula. Mwana wa munthu wolemera akathyoka mwendo, amagona kunyumba ndipo chakudya chimam'peza pamphasa. Woomba nsalu akathyoka mwendo, ana ake amagona ndi njala. Motero matimu a kumpoto anayamba kulipira osewera ao mobisa. Ena ankapeza ndalama zao zitaikidwa m'nsapato. Ena ankapatsidwa ntchito yopepuka ku fakitale ya mwini timu.

M'chaka cha 1883 timu ya antchito yotchedwa Blackburn Olympic inagonjetsa timu ya ana a olemera, Old Etonians, ndi zigoli 2 kwa 1, nitenga chikho chachikulu cha dzikolo, cha FA. M'timu yopambanayo munali oomba nsalu, munalinso mmisiri wa mipope ya madzi. Chaka chotsatira, 1884, timu ya Preston North End inachotsedwa mu mpikisano wa chikhocho. Mlandu wake unali wa kulipira osewera. Mtsogoleri wa timuyo, William Sudell, amene ankayendetsa fakitale ya nsalu, sanakane kuti amalipira. Matimu a kumpoto anaopseza kuti apatuka akapange bungwe laolao. Akuluakulu a ku London anagonja. Mu Julaye 1885 anavomereza kuti wosewera mpira angathe kulandira malipiro poyera. M'chaka cha 1888 matimu 12 anayambitsa ligi, kuti azikumana mlungu ndi mlungu, ndalama za pakhomo zisamadukize.

Arthur Wharton anafika pakati pa zonsezi.

Mwana wa mbusa

Iye anabadwa pa 28 Okotobala 1865 ku Jamestown, mu mzinda wa Accra. Dzikolo pa nthawiyo linkatchedwa Gold Coast. Lero ndi Ghana. Bambo ake, a Henry Wharton, anali mbusa wa mpingo wa Methodist, wochokera pa chilumba cha Grenada, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Amayi ake, a Annie, anali a mtundu wa Afante. Agogo ake aamuna onse awiri anali azungu a ku Scotland. Afante ali ngati ife Achewa ndi Ansenga: mwana amatsata mbumba ya kuchikazi. Bambo ake atamwalira mu 1873, iye ali ndi zaka pafupifupi 8, sanasowe pogwira. Banja la amayi ake linali la amalonda opeza bwino.

Tsono uyu sanali mwana wa m'nyumba yosauka. Anapita kusukulu ali wamng'ono. Kuwerenga ndi kulemba ankakudziwa bwino lomwe. M'chaka cha 1882 anam'tumiza ku Mangalande kuti akaphunzire ntchito ya mpingo, adzabwerere kwao kudzalalikira ndi kuphunzitsa. Anayamba kuphunzira ku Cannock, kenaka anasamukira ku sukulu ina ku Darlington, kumpoto. Kumeneko anthu anaona kuti mnyamatayu ali ndi chinthu china m'miyendo.

Liwiro

Pa 3 Julaye 1886 ku bwalo la Stamford Bridge, mu London, kunali mpikisano wa othamanga a dziko lonse. Wharton anathamanga mayadi 100 m'masekondi 10, napambana. Mayadi 100 ndi mamita 91. Ndi mtunda wocheperako pang'ono pa utali wa bwalo lalikulu la mpira, kuchokera golo lino kufika golo linalo. Tiyeni tiwerenge pamodzi pang'onopang'ono kuchokera 1 kufika 10. Tikamafika pa 10, iye wafika kale. Pa nthawiyo panalibe munthu amene zinalembedwa motsimikizika kuti anathamanga mtundawo mofulumira kuposa pamenepo. Chaka chotsatira, 1887, anapambananso mpikisano womwewo.

Sanali wa liwiro lokha. Ankapalasa njinga pa mipikisano. Ankaseweranso kiriketi, masewera omenya kampira kolimba ndi thabwa, ndipo m'miyezi yotentha matimu a kiriketi ankam'lemba ntchito. Za ubusa zinathera pomwepo. Kwao sanabwererenso kukakhala.

Pagolo

Chodabwitsa ndi ichi: munthu wothamanga kuposa onse anamuika pagolo. Nthawi zina ankasewera kutsogolo cha m'mbali, koma ntchito yake yeniyeni inali ya goloboyi. Anayambira ku timu ya Darlington m'chaka cha 1885. Mu 1886 timu ya Preston North End, yomwe ija inachotsedwa mu mpikisano chifukwa cha malipiro, inam'tenga kuti aziithandiza pa masewera a chikho.

Anyamata athu amene amaima pagolo amve bwino apa. Masiku amenewo goloboyi analibe chitetezo. Adani ankaloledwa kum'gunda ndi phewa ndi kum'gwetsera m'golo, mpira uli m'manja. Kugwira mpira ndi kuukumbatira kunali kuitana ngozi. Goloboyi wanzeru ankaumenya ndi chibakera kuti upite kutali, iye n'kudzitchinjiriza. Wharton anatchuka ndi chibakera chake. Maukonde a pagolo kunalibe mpaka cha m'ma 1891, motero mikangano yoti mpira walowa kapena sunalowe inali yosatha, monga zimachitikira pa mabwalo athu a kumudzi. Ndiponso mpaka 1912 goloboyi ankaloledwa kugwira mpira ndi manja paliponse m'theka la bwalo la timu yake. Pamenepo liwiro linali ndi ntchito.

Anali munthu wokonda kuseketsa anthu. Amene anamuona ankasimba kuti ankanjuta pambali pa mtengo wa golo ngati wotopa, ndipo mdani akamenya mpira iye ankadzambatuka n'kuutchinga. Anthu ankalipira pakhomo kuti akaone zimenezi. Mu 1887 timu ya Preston inafika pa masewera achiwiri kwa otsiriza a chikho cha FA, Wharton ali pagolo. Inagonja kwa West Bromwich Albion ndi zigoli 3 kwa 1.

Mu 1888 anasiya Preston napita ku Sheffield kukathamanga mipikisano ya ndalama. Apa mwayi unam'dutsa. Nyengo yotsatirayo, ya 1888 mpaka 1889, Preston inatenga ligi osagonja ngakhale kamodzi pa masewera 22, nitenganso chikho. Maina a osewera a chaka chimenecho analembedwa m'mabuku. La Wharton panalibe.

Khungu

Manyuzipepala ankam'tcha "Darkie," ndiko kunena kuti "kakuda." Ena ankam'tamanda, nanena kuti ndi woyenera kuimira dziko la Mangalande pagolo. Sanasankhidwe. Nyuzipepala ina inalemba zom'nyoza, kuti mutu wake ndi wouma, sangamvetse kuti pagolo si malo a nthabwala.

Tisadabwe. Tikumbukire kuti zinali zaka ziti. Mu 1884 ndi 1885 maiko a ku Ulaya anasonkhana ku Berlin kukambirana za kugawana Afirika. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasaina pangano limene linadula malire a kuno kwathu. Ndi chifukwa chake lero anthu a Kalonga Gawa Undi ali m'maiko atatu, ndipo munthu wa ku Maravia amatchedwa mlendo akapita kukaona amalume ake ku Katete kapena ku Petauke. Kuti alande dziko la munthu, atsamunda ankayamba aphunzitsa ana ao kuti munthu wakuda ndi wochepa nzeru ndi waulesi. Tsono munthu wakuda wophunzira, wothamanga kuposa azungu onse, anali kutsutsa phunzirolo Loweruka lililonse. Kuombera m'manja ankaombera, koma ulemu wonse sanam'patse.

Nthawi ina anapempha ntchito m'boma la atsamunda la kwao ku Gold Coast. Anam'kaniza.

Ntchito ya malipiro

M'chaka cha 1889 anasaina pangano la ntchito ndi timu ya Rotherham Town. Kuyambira pamenepo mpira unakhala khasu lake. Mu 1890 anakwatira mkazi wa komweko, Emma Lister. Malipiro a mpira okha sankakwana chaka chonse. M'miyezi yotentha ankasewera kiriketi. Ankayendetsanso nyumba zogulitsira mowa. Eni matimu ankakonda kuika wosewera wotchuka m'nyumba ya mowa, chifukwa anthu ankabwera kudzamuona, nagula mowa. Kwa mwini mowa inali nzeru yabwino. Kwa wosewera unali msampha, chifukwa aliyense wolowa ankafuna kumwa naye.

Mu 1894 timu yaikulu ya Sheffield United inam'tenga. Mu 1895 anaima pagolo pa masewera a ligi yapamwamba, polimbana ndi Sunderland. Anali munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi yapamwamba ya dzikolo. Koma anasewera kamodzi kokha mu ligiyo. Timuyo inali itapeza goloboyi wina wachinyamata, chimunthu chachikulu, dzina lake William Foulke, amene pambuyo pake anaimira dziko la Mangalande. Wharton anali atayandikira zaka 30. Malo anam'thera.

Tiime pang'ono tione mmene pangano la ntchito ya mpira linalili. Kuyambira 1893, wosewera akalembetsedwa ku timu ya mu ligi, dzina lake linkakhala m'manja mwa timuyo. Ngakhale pangano litatha, ngakhale timuyo itasiya kum'lipira, sankatha kupita ku timu ina ya mu ligi popanda chilolezo cha mabwana ake. Timu ina ikamufuna inkalipira ndalama kwa mabwanawo, osati kwa iye. Akuluakulu athu amene anayenda ndi chitupa m'nthawi ya Apwitikizi aona kufanana kwake. Tisanene kuti ndi chimodzimodzi. Wosewera mpira sanamangidwe chingwe kupita ku chibalo, ndipo sanamenyedwe m'manja pa boma. Koma ufulu wosankha bwana analibe. Mu 1901 eni matimu anaikanso lamulo loti wosewera asalandire zoposa mapaundi 4 pa mlungu, ngakhale bwalo litadzaza chotani. Ndalamayi inali yoposa ya mmisiri wa m'fakitale, koma ambiri sankafika nayo pamenepo. Lamulo loika malire pa malipiro linachotsedwa mu 1961, osewera atagwirizana m'bungwe lao naopseza kuti anyanyala ntchito. Lamulo logwira dzina la wosewera linafooka mu 1963, wosewera wina, George Eastham, atapita nalo kukhoti.

Zonsezi Wharton sanazione. Atachoka ku Sheffield anayamba kutsika. Anasewera m'matimu ang'onoang'ono, Stalybridge Rovers ndi Ashton North End. Timu ya Ashton inagwa mu 1899 chifukwa cha kusowa ndalama. Anatsirizira ku Stockport County, nasiya mpira m'chaka cha 1902, ali ndi zaka 36. Penshoni panalibe. Munda analibe. Ng'ombe analibe. Mowa unali utam'gwira.

Kumgodi

Zaka zake zotsiriza anazithera pa mudzi wa antchito a mgodi wotchedwa Edlington, pafupi ndi mzinda wa Doncaster. Analembedwa ntchito pa mgodi wa malasha wa Yorkshire Main. Ntchito yake inali yokoka ndi kukankha ngolo za malasha. Anaigwira zaka zoposa 10, ali munthu wamkulu, imvi zili m'mutu.

Ntchito imeneyi sitifunika kuifotokoza kwambiri kuno. Ku Moatize kuli malasha, m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete. M'midzi mwathu muli mabanja amene agogo ao anayenda pansi kupita ku Wankie, ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia kapena ku Joni. Ena anabwerako ndi njinga ndi bulangete. Ena anabwerako ndi chifuwa. Ena sanabwerenso, ndipo tinawatcha matchona. Arthur Wharton anali mtchona wa ku Accra.

M'chaka cha 1926 eni migodi a ku Mangalande anafuna kudula malipiro ndi kuonjezera maola a ntchito. Antchito a m'migodi anakana. Antchito ena a dziko lonse ananyanyala nao pamodzi masiku 9 m'mwezi wa Meyi, kenaka anabwerera kuntchito. A m'migodi anapirira okha mpaka cha mu Novembala. Njala inawagonjetsa. Anabwerera ku maola ambiri ndi ndalama zochepa. Umenewu ndiwo moyo umene Wharton anakhalamo ali ndi zaka 60.

Anamwalira mu Disembala 1930 m'chipatala cha ku Balby, atadwala nthawi yaitali. Analibe kanthu. Anamuika m'manda a ku Edlington popanda chiliza, popanda dzina.

Pano tiyenera kunena zoona, ngakhale tili m'kalasi yophunzira kuwerenga. Munthuyu sanasauke chifukwa cha kusadziwa zilembo. Pangano lake ankatha kuliwerenga yekha, sanadinde chala. Chimene analibe ndi mphamvu yosintha zimene zinalembedwamo, chifukwa anali yekha pamaso pa mabwana. Osewera amene anasintha malamulo mu 1961 ankadziwa kuwerenga, ndiponso anali ogwirizana. Mowa nawo unachita mbali yake, ndipo umenewo sitingaukankhire kwa mabwana okha.

Ana a dziko lathu

Njira imene Wharton anayenda, ana a Mozambique anaiyendanso pambuyo pake. Iwo anapita ku Portugal.

Woyamba kutchuka kwambiri anali Sebastião Lucas da Fonseca, amene aliyense ankam'dziwa ndi dzina loti Matateu. Anabadwa mu 1927 ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Mu 1951 anapita ku timu ya Belenenses ku Lisboa. Kawiri konse, mu 1953 ndi mu 1955, anagoletsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya dzikolo. Mu 1955 Portugal inagonjetsa Mangalande koyamba, ndi zigoli 3 kwa 1, mu mzinda wa Porto. Chigoli chimodzi chinali cha Matateu. Iye anatsirizira moyo wake ku Canada, kumene anamwalira m'chaka cha 2000.

Mário Coluna anapita ku timu ya Benfica mu 1954. Eusébio, mwana wa ku Mafalala, anam'tsatira kumapeto kwa 1960. Mu 1966 mpikisano wa chikho cha dziko lonse lapansi unachitikira ku Mangalande. M'gulu la Portugal munali ana anayi obadwira ku Mozambique: Coluna, amene anali kaputeni, Eusébio, Hilário, ndi Vicente, mng'ono wake wa Matateu. Anathera pa nambala 3. Eusébio anagoletsa zigoli 9, kuposa wina aliyense. Mbendera imene inakwezedwa inali ya Portugal, pamene kuno nkhondo yomenyera ufulu inali itayamba kale pa 25 Sepitembala 1964. Atsamunda ankaloza osewerawa n'kumauza dziko lapansi kuti m'maiko ao mulibe tsankho. Eusébio mwini wake ankasimba kuti pamene timu ya ku Italy inamufuna, Salazar sanalole kuti achoke.

Masewera awiri oyamba a Portugal mu 1966 anachitikira ku Manchester, mzinda woyandikana ndi Stockport kumene Wharton anatsirizira mpira. Anthu zikwizikwi anaombera m'manja ana a Afirika. Dzina la amene anawatsogolera linali litaiwalika, ndipo manda ake anali atamera udzu.

Coluna anabwerera kwao. Ufulu utabwera mu 1975, anaphunzitsa timu ya Textáfrica ya ku Chimoio, ndipo mu 1976 timuyo inakhala yoyamba kutenga ligi ya Mozambique womasuka. Taonani: Textáfrica inali timu ya pa fakitale ya nsalu, monga matimu aja a kumpoto kwa Mangalande. Pambuyo pake Coluna anatsogolera bungwe la mpira la dziko lathu. Iye ndi Eusébio anamwalira chaka chimodzi, 2014, wina mu Januwale, wina mu Febuluwale.

Chiliza

Kwathu kuno, munthu akaikidwa m'manda, mbumba yake siimuiwala. Pakapita nthawi timasonkhana, timafulula mowa, timamanga chiliza. Wharton anadikira chiliza chake zaka 67.

Kodi dzina lake linapezeka bwanji? Amene anamuona akusewera anali atatha onse. Koma mapepala anatsala. Manyuzipepala akale anasungidwa m'nyumba za mabuku. M'kaundula wa manda munalembedwa malo amene anagona. Wolemba mbiri wina, Phil Vasili, anakhala pansi nawerenga mapepalawo limodzi ndi limodzi, natola dzinalo apa ndi apo mpaka moyo wonse wa munthu unaoneka. Bungwe la ku Sheffield lolimbana ndi tsankho mu mpira, lotchedwa Football Unites, Racism Divides, linasonkhanitsa ndalama. Mu 1997 anaika mwala wolembedwa dzina pa manda a ku Edlington. Mu 1998 buku la mbiri yake linatuluka. Mu 2003 dzina lake linalowetsedwa m'gulu la akatswiri a mpira olemekezeka a dzikolo. Mu 2014 anaimika chifanizo chake chachikulu ku St George's Park, malo amene timu ya dziko la Mangalande imakonzekerera masewera. Timu imene sinam'sankhe ali moyo imadutsa pa chifanizo chake popita kubwalo.

M'chaka cha 2025 Reinildo Mandava, wobadwira ku Beira, anakhala mwana woyamba wa Mozambique kusewera mu ligi yapamwamba ya ku Mangalande ya masiku ano, imene timaimvera pa wailesi. Timu imene inam'lemba ntchito ndi Sunderland, yomwe ija Wharton anakumana nayo mu 1895.

Mau oti tiwalembe

Mphunzitsi alembe mau awa pa bolodi. Tiwawerenge mokweza, tiwadule m'zigawo, kenaka aliyense awalembe m'kope lake.

mpira: mpi-ra
golo: go-lo
malipiro: ma-li-pi-ro
pangano: pa-nga-no
malasha: ma-la-sha
chiliza: chi-li-za

Kuchokera ku zigawo za mau oti malipiro tingapange mau ena, monga maliro. Tipeze enanso.

Tiwerengere

Wharton anabadwa mu Okotobala 1865 namwalira mu Disembala 1930. Anali ndi zaka zingati?

Analandira malipiro a mpira kuyambira 1889 mpaka 1902. Ndi zaka zingati zimenezi? Nanga atasiya mpira anakhala ndi moyo zaka zingati? Ziwiri izi, zambiri ndi ziti?

Wosewera wolandira mapaundi 4 pa mlungu amalandira zingati pa milungu 10?

Kuchokera 1895 kufika 2025 papita zaka zingati?

Tikambirane

Tibwerere kwa mnyamata ndi bambo ake aja a poyamba. Kalasi igawike pawiri. Gulu lina lilankhule ngati mnyamata, lina ngati bambo. Amayi asakhale chete, chifukwa ndiwo amaphika nsima ya onse awiri.

Munthu wachilendo wafika m'mudzi. Akuti mwana wathu ali ndi luso, ndipo akufuna kupita naye ku timu ya ku Tete, ku Songo kapena ku Maputo. Watulutsa pepala kuti tisaine. Kodi tim'funse mafunso ati tisanagwire cholembera? Malipiro ndi angati, ndipo alembedwa pati? Mwana akavulala, alipira chipatala ndani? Sukulu apitiriza? Akafuna kuchoka, achoka bwanji? Ife titsala ndi pepala lathu lofanana nalo?

Ndani mwa ife anagwirapo ntchito ya pangano ku mgodi, ku munda wa fodya kapena pa damu? Kodi panganolo anakuwerengerani ndani? Zimene anakuuzani pakamwa zinafanana ndi zimene munalandira?

Ntchito ya kunyumba

Pafupifupi m'mudzi uliwonse munali munthu wa liwiro, kapena goloboyi amene akulu amam'simbabe. Munalinso amene anapita ku migodi osabwerako. Aliyense afunse munthu wachikulire dzina limodzi lotere. Alembe dzinalo, mudzi wake, kumene anapita, ndi chaka ngati chikukumbukika. Amene dzanja silinazolowere apemphe mnzake wa m'kalasi kuti am'thandize, koma dzinalo alembe yekha. Tibwere nazo tsiku la phunziro lotsatira. Mphunzitsi abweretse kope limodzi latsopano loti tilembemo maina onsewo.